Kachidole ka mtsogoleri kasaime kokha pathabwa

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera kudzacheza kuno ku Kasungu atanyamula katoni ya tizidole ta pulasitiki ta asilikali, akasinja ndi magalimoto ankhondo. Akaweruka kuntchito amakonda kulumikiza tizidutswa timeneti ndi guluu, kutipaka utoto ndi kaburashi kakang'ono, kenaka n'kutiimika pathabwa pamene waumbapo mapiri, mitengo ndi maenje obisalamo asilikali, mpaka woona amakhala ngati akusuzumira nkhondo yeniyeni ali pamwamba pa phiri. Anzake amene amachita nawo lusoli amatcha chionetsero chotere kuti diorama. Madzulo ena tili pakhonde anatulutsa kachidole kamodzi kosapaka utoto n'kundifunsa kuti, "Malume, inu mumaphunzitsa mbiri yakale, kodi ndikaika Hitler pathabwa langa ndalakwa?" Ndinamuyankha mwachidule usiku umenewo, koma funsoli silinandichoke mumtima, chifukwa nkhaniyi imatikhudzanso ife kuno kwathu.

Amene sanaonepo angayese masewera a ana, monga ng'ombe zadothi ndi magalimoto amawaya amene tinkapanga tili anyamata, ndipo mzimu wake ndi womwewo, kungoti apa chilichonse chimayezedwa mosamala. Sikelo yotchuka kwambiri ndi 1:35, imene inafalitsidwa ndi kampani ya ku Japan ya Tamiya, ndipo pa sikelo imeneyi munthu wotalika mamita 1.75 amatsala masentimita 5 okha. Kampani yomweyi ili ndi bokosi la akuluakulu a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, momwe muli Rommel wa ku Germany pamodzi ndi Montgomery, Patton, Eisenhower ndi MacArthur, choncho kuika atsogoleri pathabwa si chinthu chachilendo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi nthawi imene munthu amathera pa nkhope imodzi. Ndinamuona mnyamatayu atawerama masana onse akukonza maso ndi mabatani a jekete la kachidole kamodzi, ndipo ndinazindikira kuti dzanja likasamalira chinthu motero, mtima umayamba kuchizolowera, mwinanso kuchikonda, mwini wake osadziwa.

Ku Germany komweko lamulo la milandu, pa ndime 86a, limaletsa kuonetsa poyera zizindikiro za chipani cha Hitler cha Nazi monga mtanda wopindika wa swastika, n'chifukwa chake mabokosi ambiri a tindege tankhondo ogulitsidwa kumeneko alibe chizindikirocho. Koma lamulo lomwelo limalola kuti zizindikirozo zioneke pophunzitsa, pa kafukufuku, pa zaluso ndi pofotokoza mbiri. Anthu amene analawa okha ululu wa Hitler sanafufute dzina lake. Anayang'ana cholinga cha amene akumuonetsa. Inenso ndaima pomwepo. Sindigwirizana ndi amene amati anthu oipa asaoneke n'komwe, popeza mbiri imene yachotsedwa oipa ake imasanduka nthano yogonetsera ana. Koma sindigwirizananso ndi amene amati ndi pulasitiki chabe. Hitler ataima yekha pambali pa galimoto yonyezimira, nsapato zili mbee, akuluakulu a asilikali akumuchitira sawasha, ndi chithunzi chomwecho chimene chipani chake chinkafuna kuti dziko lione, ndipo amene wachiumba wagwira ntchito ya okopa anthu a chipanicho ngakhale sanafune kutero. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa mu ulamuliro wake sakuoneka pathabwa lotero, ndipo kusaoneka kwawoko ndilo bodza lake.

Ndinamuuza mphwangayo kuti asiye kaye za ku Ulaya, tione chitsanzo chimene chinaponda nthaka yathu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali a Germany kuno kum'mawa kwa Africa ankatsogoleredwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, amene okonda mbiri ya nkhondo amamutama kuti sanagonjetsedwe, chifukwa anazemba adani ake zaka zinayi mpaka anakatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Nkhondoyo inafika ku Karonga mu Seputembala 1914. Munthu angathe kuumba mkuluyu ali ndi chipewa chake chopindika, asilikali ake akuda ali pambuyo, chionetserocho n'kukongola ndithu. Koma nkhondo imeneyo sinayende pa mawilo, inayenda pa mitu ya anthu. Amtengatenga zikwizikwi ochokera m'midzi ya Nyasaland, ambiri otengedwa mokakamiza, anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema a asilikali a King's African Rifles, amene agogo athu ankawatcha a Keyala, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Mbali ya Ajeremani nayo inkalanda chakudya ndi anthu m'midzi imene inkadutsa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe mkulu wa asilikali amene anasenzapo nkhondo yekha. Thabwa limene likuonetsa mtsogoleri koma labisa wosenza katundu wake lanena theka la choonadi, ndipo theka lotsalalo ndilo lathu. John Chilembwe anadandaula zomwezi nkhondoyo itangoyamba mu 1914, pamene analemba kalata yotsutsa kuti anthu akuda akafere nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu.

Kuno ku Kasungu funsoli ndi lolemera kuposa kwina, ndipo ndikulemba izi modzichepetsa, podziwa kuti ena a inu mukuwerenga muli ndi mabala ndipo ena muli ndi chikondi chenicheni. Ngwazi Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi mwana wa boma lino. Anamangidwa mu Malichi 1959 n'kukatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe, chifukwa cholimbana ndi chitaganya, anatitsogolera ku ufulu mu 1964, ndipo sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama ilipo mpaka lero. Komanso mu ulamuliro womwewo anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mu 1983 Dick Matenje, Twaibu Sangala, David Chiwanga ndi Aaron Gadama anaphedwa ku Mwanza. A Gadama analinso mwana wa Kasungu yemweyu. Khoti linapeza a Kamuzu osalakwa pa mlanduwo mu 1995, koma mabanja aja sanabwezeredwe abale awo. Tsono mnyamata wina akafuna kuumba perete wa apayoniya, Ngwazi ili patsogolo ndi litchowa lake, ine sindingamuletse, chifukwa zinachitikadi ndipo ambiri tinaziona ndi maso. Ndingamufunse kuti mayi amene wabwezedwa pakhomo la msika chifukwa alibe khadi la chipani wamuika pati, ndiponso ngati akudziwa kuti mu Disembala 1993 asilikali a boma analanda zida apayoniya omwewo pa Operation Bwezani. Akayankha mafunso amenewa pathabwa pakepo, chionetsero chake chikhoza kulowa m'kalasi mwanga.

Ngakhale nkhondo ya 1895, pamene asilikali a atsamunda anathira nkhondo Mwase Kasungu n'kumanga linga la Fort Alston, ili ndi vuto lomweli. Atsamunda ankati akuthetsa malonda a akapolo, eni dziko ankaona ufumu wawo ukulandidwa, ndipo woumba ayenera kusankha amene amuike pakati ndi amene amuike kumphepete. Kusankha kumeneko ndi chiweruzo, ngakhale palibe mawu olembedwa.

Msinkhu nawo umalankhula. Mmisiri wa kuno ku Malawi Samson Kambalu anaonetsa zimenezi mu 2022 pa Trafalgar Square ku London, pamene anaimika chiboliboli cha Chilembwe atavala chipewa, chachikulu kwambiri kuposa cha mmishonale John Chorley amene waima naye. Iye anakuza Chilembwe dala pofuna kubwezera ulemu kwa munthu amene mbiri ya atsamunda inamuchepetsa. Ubwino wa diorama ndi wosiyana ndi umenewo, ndipo ndi umene ndimaukonda: sikelo ndi imodzi kwa onse. Pa 1:35 wolamula nkhondo ndi masentimita 5, wosenza katundu wake ndi masentimita 5, ndipo mayi wothawa ndi mwana kumbuyo sachepa chifukwa alibe nyota paphewa. Luso limene mwachibadwa chake limalinganiza anthu motere n'lomvetsa chisoni likagwiritsidwa ntchito yokweza munthu mmodzi.

Titatsanula katoni ya mphwangayo pamphasa tinapezamo Ajeremani, Angerezi ndi Aamerika, koma munalibe msilikali wa Keyala kapena mtengatenga ngakhale mmodzi. Kachidole ka Hitler anakabwezera m'pepala lake kosapaka utoto, ndipo anati adzakatulutsa akadzapeza njira yoonetsera anthu amene anavutika m'manja mwake. M'mawa mwake tinapita kudambo kukakumba dothi la makande, ndipo pofika tsiku lonyamuka anali ataumba amuna khumi ndi awiri opanda nsapato, aliyense ndi bokosi pamutu, ndipo mmodzi wa iwo anamukhazika pansi m'mbali mwa njira, katundu wake ali pambali.