Duke Akuvula Golovesi

Magetsi azima. Amake Tadala ali pamkeka ndi buku lawo lija la chikondi cha ku England cha mu 1813, lonena za Duke, mwamuna waudindo wapamwamba kumeneko, kandulo pambali. Anthu owerenga mabuku amenewa mukuwadziwa, nyumba itha kuyaka iwo ali ku London.

Bambo: Amake Tadala, nyemba zikupserera.

Mayi: Shh! Duke akuvula golovesi.

Bambo: Dzulo munatinso akuvula golovesi.

Mayi: Ija inali ya kumanja.

Bambo: Masamba angati, golovesi imodzi?

Mayi: 40 okha. Inu mukuyesa kale ku London ankangogwira dzanja la mtsikana ngati akusankha tomato? Ngakhale gule wa waltz akuluakulu ankati ngolaula, poti mwamuna ankagwira mkazi m'chiuno.

Bambo: Koma ine sindinachedwe chotero.

Mayi: Inu munandifunsira pachigayo, nsidze zili mbuu ndi ufa. Mnzanuyu akanandithawitsa pangolo ya akavalo anayi mpaka ku Gretna Green, ku Scotland. Lamulo la 1753 linkaletsa osakwana zaka 21 kukwatirana ku England makolo asanalole, ndiye ankathawira kumeneko, wosula zitsulo n'kuwamangitsa ukwati.

Bambo: Wosula zitsulo? Ngati wowotcherera mageti uja wa pamsika?

Mayi: Mboni ziwiri, basi.

Bambo: Opanda ankhoswe? Mukayambana mukadandaula kwa nyundo?

Mayi: M'buku sayambana. Amangoyang'anizana mokwiya akumwa tiyi.

Bambo: Nanga Duke wanuyo amasamba? Ndinamva pawailesi kuti mtsinje wa Thames unanunkha mpaka aphungu kumatseka mphuno ndi mipango.

Mayi: Imeneyo ndi 1858. Ife tili mu 1813. Musasakanize zaka.

Bambo: Nyemba nazo zili mu 1813?

Mayi: Ngati muli ndi mawu, ndilembereni kalata. Muimate ndi phula, ngati njonda.

Bambo anang'amba pepala m'kope la Tadala, kulemba, kulipinda, kudonthezapo kandulo, n'kudinda ndi chala chachikulu. Anapsa, koma anapirira.

Bambo: Nayi, adona. K2,000.

Mayi: Ya chiyani?

Bambo: Munanena nokha kuti sitampa inabwera mu 1840. Isanabwere ankalipira ndi wolandira kalata.

Mayi: Ndiye ndaikana. Kukana kunkaloledwa.

Bambo: Muli nkhani yofunika.

Mayi: Ndikuimva kale fungo. Kaphuleni.

Bambo anakaphula, kubwera, kuimaima pakhomo, kukhosomola.

Bambo: Wavula tsopano?

Mayi: Anavula. Koma alowa azakhali ake a mtsikana, wavalanso.

Bambo: Zonse ziwiri?

Mayi: Zonse.

Bambo: Azakhali ake ati, aja a ku Bath odana ndi Duke aja? Si paja anadwala mu chaputala 9?

Mayi: Inu mwadziwa bwanji za chaputala 9?

Bambo: Sunthani pang'ono, mukutchinga kandulo.