Tikupereka tokha makiyi kwa mbava za pa foni

Sabata yatha mayi wina wa m'gulu lathu la banki m'khonde ku Zingwangwa anaimbiridwa foni ndi munthu amene anati ndi mlembi wa mapemphero, ndipo anamupempha kuti amuwerengere manambala 6 amene anali atangofika pa foni yake, ati kuti amulowetse pa msonkhano. Mayiyo anawerenga mosazengereza. Manambalawo anali otsegulira WhatsApp yake pa foni ina, choncho pofika madzulo WhatsApp yakeyo inali m'manja mwa mbava, ndipo abale ake a ku Bangwe ndi ku Ndirande anali atatumiza kale ndalama pokhulupirira kuti mayiyo wagonekedwa m'chipatala.

Kodi abale anga, tidzachenjera liti? Uthenga womwewo umene umabwera ndi manambalawo umanena poyera kuti musauze munthu wina aliyense, koma ife sitiwerenga. Munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, waima pa kauntala ya ejenti mumsika wa Limbe n'kumatchula PIN yake ya Airtel Money kapena ya Mpamba mokweza mawu, anyamata oyendayenda akumva. Wina PIN yake ndi chaka chimene anabadwa, chaka chomwecho chili pa Facebook, ndipo chili pa chitupa cha unzika chimene anachijambula n'kutumizira munthu wosamudziwa amene anamulonjeza ntchito. Wina akuvina kuti wapata mphoto pa mpikisano umene sanalowepo, ndipo akuthamanga kukalipira ndalama yoti mphotoyo ituluke. Mphoto yanji imene imayamba ndi kukulipiritsani? Nanga kampani iti ya mafoni kapena banki iti imene inayamba yaimbira munthu kumufunsa PIN?

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti tikukana kuphunzira m'mene anthuwa amagwirira ntchito, tikumati zimenezo ndi za ana asukulu odziwa kompyuta. Mbavazi zambiri sizithyola kanthu. Zimakuopsezani kuti nambala yanu itsekedwa lero lomwe, zimakufulumizitsani kuti musapeze mpata wofunsa mnzanu, kapena zimakutumizirani uthenga wabodza wooneka ngati mwalandira ndalama, kenaka n'kuimba zikulira kuti zatumiza molakwika, mubweze. Kodi n'chovuta chiyani kuyamba mwaona ndalama zimene zilidi mu akaunti yanu musanabweze kalikonse? Zina zimatumiza linki ya bandulo yaulere yotsegula tsamba lofanana ndendende ndi la Facebook, inu n'kulembapo pasiwedi yanu, yomweyo imene mumatsegulira imelo ndi banki. Zina zimakatenga simu khadi ina pa nambala yanu, foni yanu n'kuzima netiweki mwadzidzidzi, inu n'kumangodikira masiku osapita kukafunsa, pamene mauthenga onse a ku banki akufikira kwa wakuba.

Lamulo lothana ndi milandu ya pa intaneti dziko lino linakhazikitsa mu 2016, ndipo MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, yakhala ikuchenjeza pa wailesi, koma lamulo silidzabwera kudzakugwirani dzanja pamene mukuwerengera mlendo manambala anu. WhatsApp ndi Facebook zili ndi njira yotsimikizira kawiri kuti wolowa mu akaunti ndinudi, imene kuitsegula sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Ndi angati mwa inu amene anaitsegula? Ndi angati amene amachotsa simu khadi asanasiye foni kwa wokonza? Ndi angati amene amaimbira mbale wawo kuti amve mawu ake asanatumize ndalama ya matenda kapena ya maliro?

Mukuchititsa manyazi, ndipo mukuberetsa ndi abale anu omwe. Lekani zimenezi.