Ng'oma za Charlie Watts sizinakalambe

Alembi, mwati zomwe a gulu loimba la Rolling Stones anajambula pa siteji zatha ntchito poti eni ake akalamba. Pamenepo ndakana. Malume anga anabwera nayo kaseti kuno ku Ulongue kuchokera ku Johannesburg, ya konsati ya ku New York ya mu 1969. Tinkaibweza ndi bolopeni kuti mabatire a wailesi asathe msanga. Lero ndimaimvera pa foni ndikamapalira mbatatesi, ndipo ng'oma za Charlie Watts, woimba ng'oma wa gululi, zimandigwirabe mtima. Sathamanga, sachedwa, ngati mayi wodziwa kusinja. Pena mawu a Mick Jagger, wotsogolera nyimbo, amasasa, komatu mpamene umamva kuti akuimba ndi anthu, thukuta lili kamukamu. Watts atamwalira mu 2021 ndinakhuza ngati wachibale.