Mapilisi a vitamini E musawadalire

A mtolankhani, zoti ma antioxidant, zinthu monga vitamini E zopezeka m'zakudya, amateteza maselo kuti asawonongeke mwanena zoona, koma mwasiya mfundo yaikulu. Kafukufuku wa SELECT ku America, wa amuna oposa 35,000, anapeza mu 2011 kuti khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo) inachuluka ndi 17 peresenti mwa omwe ankamwa mapilisi a vitamini E. Malume anga kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ankagula mabotolo otere m'tauni, chonsecho usiku akudzuka pafupipafupi, mkodzo ukungodontha. Magazi a PSA, ofufuzira khansa ya prostate, anakayezetsa matenda atafika kale m'mafupa. Azibambo anzanga, tomato wa ku Mbare Musika idyani ndithu, akaphikidwa ndi mafuta lycopene, antioxidant wopezeka mu tomato, amalowa bwino m'thupi. Koma mukakwana zaka 45 kayezetseni, ife akuda khansa ya prostate imatigwira msanga.