Wophunzira flamenco ayenera kuyamba wadziwa kumvetsera woimba

Ine ndimaona kuti mphunzitsi wa gule wa flamenco amene amatha chaka chonse akulowezetsa ophunzira ake kaponyedwe ka mapazi, koma osawakhazika pansi kuti amvetsere woimba, amawatayitsa nthawi ndi ndalama.

Guleyu, amene kwawo ndi ku Andalusia kummwera kwa dziko la Spain ndipo bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mu 2010, amayendetsedwa ndi anthu atatu: woimba, wagitala ndi wovina. M'nyumba zing'onozing'ono zotchedwa tablao ku Seville kapena ku Madrid, atatuwa kawirikawiri amakwera pansanja asanayeserere limodzi, atangogwirizana mtundu wa nyimbo imene avine, monga soleá kapena alegrías. Chimene chimawalunzanitsa ndi compás, kawerengedwe ka kugunda 12 kamene kamatsindika pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Wovina akafuna kuti nyimbo iyambe amaponda llamada, chizindikiro chimene anzakewo amachizindikira nthawi yomweyo. Woimba akalowa, wovinayo amachepetsa phokoso la nsapato n'kumayenda mofatsa, manja ali m'mwamba, kudikira pamene ndimeyo ithere kuti aitseke mwamphamvu. Pambuyo pake amafika pa escobilla, gawo la mapazi okhaokha, ndipo apa wagitala ndiye amatsatira liwiro la wovina, monga mmene woimba ng'oma ya mbalule amayang'anitsitsira mapazi a gule m'bwalo.

Vuto lili pakuti woimba sawerenga mizere ngati makina. Lero akhoza kubwereza mzere kawiri, mawa n'kuukoka motalika chifukwa mtima wamutuma kutero. Wophunzira amene analoweza gule wake pa nyimbo yojambulidwa amatseka ndime woimba akadali pakati, ndipo aliyense wodziwa m'chipindamo amaona kuti wasochera, ngakhale mapazi ake atakhala othamanga chotani.

M'mabanja a mtundu wa Gitano (Aromani a ku Spain) mu mzinda wa Jerez de la Frontera ku Andalusia, m'madera a Santiago ndi San Miguel, ana amaphunzira pa maukwati ndi pa maubatizo, akuwomba m'manja zaka zambiri asanalowe pakati pa bwalo. Pa bulerías, nyimbo yothamanga ya pa zisangalalo, gogo wachikazi amadzuka pampando, n'kugwira nsonga ya siketi, kuvina pang'ono chabe ndi kutuluka pa kugunda koyenera, ndipo anthu amafuula olé kuposa mmene achitira kwa mtsikana wa kusukulu yovina. Carmen Amaya, wovina flamenco wotchuka amene anamwalira mu 1963, anakula akuvina ku Barcelona bambo ake akumuimbira gitala.

Sindikunyoza magule okonzedweratu. Gulu la Ballet Nacional de España, limene linayamba mu 1978 motsogozedwa ndi Antonio Gades, silingaike ovina ambiri pansanja imodzi aliyense akuchita zake. Ndikumvetsanso aphunzitsi a pa chikondwerero cha flamenco cha Festival de Jerez, kumene anthu ochokera kutali ngati ku Japan amalipira maphunziro a masiku ochepa ndipo amafuna kubwerera kwawo ndi gule wathunthu woti akaonetse.

Komabe sukulu yophunzitsa chaka chonse ilibe chowiringula. Iziitana woimba ndi wagitala m'kalasi, ngakhale kamodzi pamwezi, ndipo woimbayo azisintha kutalika kwa ndime mwadala osawachenjeza ophunzirawo. Malipiro a awiriwa awerengeredwe m'fizi kuyambira pachiyambi.