Akuluakulu a mpingo, mipandoyi ikupititsani kuti?

Loweruka lapitali ndinali kumaliro kumudzi kwathu, ndipo zimene ndinaona zikundiwawabe mumtima. Mkulu wina wa mpingo anafika mochedwa, mtembo utatsala pang'ono kutuluka m'nyumba ya siwa. Kutsogolo kwake kunali mnyamata atamunyamulira Baibulo, kumbuyo wina atamugwirira ambulera. Atapeza kuti mipando yonse ili ndi anthu, anangoima, nkhope ili ndwii. Kenako anakodola mnyamata wa ambulera uja n'kumunong'oneza. Posakhalitsa gogo wina, mlongo wawo wa malemu, amene anapatsidwa mpando chifukwa cha nyamakazi ya m'mawondo, anauzidwa kuti asunthe. Gogoyo anagwira ndodo yake, nadzikoka mpaka pamphasa, osayankha kanthu. Mkulu uja anakhala pampandopo n'kuyamba kudinadina foni.

Pamaliro! Pamaso pa anamfedwa!

Nthawi ya chakudya zinanyanya. Kamtsikana kanagwada ndi jagi ndi beseni kumusambitsa m'manja, iye osakayang'ana n'komwe, ngati madziwo akudzithira okha. Atavundukula mbale anafunsa mokweza kuti nkhuku yachepa bwanji. Pamenepo n'kuti amayi amene anachezera kuimba usiku wonse, n'kulawirira kumjigo, asanalawe kanthu. Adzukulu anali atakumba manda kuyambira tambala woyamba, dothi lili gwa ndi dzuwa. Anawathokoza ndani? Koma chipepeso chake anaonetsetsa kuti chalengezedwa ndi dzina, udindo ndi ndalama zake.

Kodi Baibulo limene mukunyamulitsa anyamatalo mumalitsegula? Yohane 13 ilimo kapena munang'amba tsamba? Usiku woti mawa lake apachikidwa, Ambuye anavula malaya awo akunja, nadzimanga nsalu yopukutira m'chiuno, nathira madzi m'beseni, nasambitsa mapazi a ophunzira awo. Mapazi afumbi, ndi a Yudasi omwe. Inu ndinu yani woti simungadzinyamulire buku lanu? Pa Maliko 10:45 ananena okha kuti sanabwere kudzatumikiridwa koma kudzatumikira. Yakobo 2 akudzudzula ndendende zimene munachitazi, zopatsa malo abwino wovala mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti akhale pansi. Mavesi amenewa mumatilalikira ndinu, thukuta lili kamukamu paguwa. Mukatsika paguwapo amatsala pomwepo?

Ndipo si kumaliro kokha. Kuchipatala mumadumpha mzere wa amayi obereka ana odwala, ati chifukwa muli ndi msonkhano. Kunyumba mayi akuchokera kumunda atasenza nkhuni, mwana ali kumsana, inu muli pakhonde kufunsa madzi osamba. Wantchito wanu miyezi iwiri sanalandire, koma pa pepa sande mumaponya ndalama mukuvina kuti onse akuoneni. Tsiku lokolopa m'tchalitchi kapena loumba njerwa mumakhala otanganidwa. Tsiku la chisankho cha maudindo ndinu oyamba kufika. Munthu akaiwala kukutchulani udindo wanu wonse, mumamusungira kumtima chaka chathunthu. Chikhristu chanji chimenechi?

Mu 2013, Lachinayi Loyera, Papa Francis anapita kundende ya achinyamata ku Rome, nagwada kusambitsa mapazi a akaidi 12. Munthu amene ankatsogolera mpingo wa Katolika padziko lonse. Inu wotsogolera mudzi umodzi bondo lanu linauma liti?

Ine ndakula, ndaona atsogoleri ambiri. Ndikukumbuka mkulu wa mpingo wa kwathu ndili mwana, ankafika pamaliro ndi nkhwangwa paphewa, n'kuyamba wawaza nkhuni asanakhale pansi. Akaimirira kuti alankhule, ngakhale ana ankakhala chete. Ulemu umenewo sankachita kuupempha.

Ana athu akuona zonsezi. Mnyamata wogwira ambulera uja akuphunzira kuti ukulu ndi kuchotsa nkhalamba pampando, ndipo mawa adzakuchotsani inuyo. Achinyamata akutha m'matchalitchi, inu n'kumanamizira mafoni ndi mowa. Akuthawa inu. Kunyada kumagwetsa, Miyambo 16:18 inanena kale, ndipo mudzagwa anthu akuonerera. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Bambo inu amene munakhala pampando uja, mukudzidziwa. Pitani mukapepese kwa gogo aja maliro ena asanatikumanitse.