Inveta sithetsa vuto lomwe simunaliwerengere

Abale anga a kuno ku Joni, tapitani pa Park Station muone katundu amene akukwera mabasi opita kumudzi: mapanelo a sola okulungidwa m'mabulangeti, mabatire, mainveta (makina osandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ogula ku Crown Mines. Zina zimatsala konkuno m'zipinda za kuseri zomwe timachita lendi. Ine ndikuti zambiri mwa izi zimafa msanga chifukwa timayambira kusitolo, pomwe injiniya amayambira papepala. Iye amafunsa kaye kuti vuto ndi lotani, ndi lalikulu bwanji, ndalama zilipo zingati, nanga adzagwiritse ntchito ndani. Akatero amayerekeza njira ziwiri zitatu, kusankhapo imodzi, kuiyesa, kuona pomwe yafooka, n'kubwereranso papepala paja.

Tiyeni tiwerengere chipinda chimodzi. Mababu anayi a LED a 9W ndi 36W. TV yapakatikati, tinene 60W. Rauta 10W, mafoni awiri pa tchaja 20W. Zonse pamodzi 126W. Magetsi akazima maola anayi, monga zinkakhalira mu 2023 pa Stage 6 ya kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana (nambala ikakwera, maola a mdima amachuluka), pakufunika 504Wh, ndiye kuti 126W kuchulukitsa ndi maola anayi. Inveta nayo imadyapo yake, pakati pa 10 ndi 15 pa 100 iliyonse, ndiye tingoti 600Wh. Batire la asidi la 12V 100Ah papepala lili ndi 1,200Wh, koma la mtundu umenewu silifuna kukhuthulidwa kupyola theka. Theka lake ndi 600Wh yomweyo. Ndiye kuti batire limodzi langokwana ndendende, firiji tisanaitchule n'komwe.

Firiji ikamayenda imadya mwina 100W, koma pomwe kompuresa ikudzuka imakoka kangapo kuposa pamenepo kwa kamphindi. Inveta yaing'ono imangolira kuti tswii, n'kuzima. Yotchipa ija yolembedwa modified sine wave imatulutsa magetsi odumphadumpha: mota imang'ung'udza, imatentha, n'kupsa nthawi yake isanakwane. Firiji, fani ndi makina osokera a achimwene athu atelala zimafuna inveta ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala. Ketulo ndi simbi musaziyike n'komwe m'masamu amenewa. Ketulo yokha ndi 2,000W. Madzi wiritsani pa gasi.

Chomwe chinapha mabatire ambiri mu 2023 ndi nthawi yotchajira. Batire la asidi limafuna maola 8 mpaka 10 kuti likhute bwinobwino. Magetsi ankazima kawiri katatu patsiku, batire n'kumabwerera kuntchito lili ndi njala, lero, mawa, mkuja, mpaka sulphate anauma gwa pa mbale za m'kati. Likafika pamenepo limaonetsa ngati ladzaza, koma kungoyatsa TV, mphindi 20 zokha lagona. Masamu anali a Stage 2, dziko linapita pa Stage 6, ndipo palibe anabwerera papepala. La lithium la LiFePO4 limapweteka m'thumba pogula, komatu limalola kukhuthula 80 pa 100 ndipo limadzaza msanga.

Pa mawaya ndiye pali moto weniweni. Inveta ya 1,000W pa batire la 12V imakoka ma amp opitirira 80, pomwe waya wa m'nyumba wa 2.5mm² amanyamula 20 ndi pang'ono. Pakati pa batire ndi inveta pamafunika waya wonenepa ngati 25mm², wamfupi, ndi fyuzi pafupi penipeni ndi mutu wa batire wa pozitivu. Mukamaliza kulumikiza yatsani zonse, dikirani mphindi 20, mukhudze chikopa cha waya uja. Akatentha, ndi wochepa kapena boti sinamangidwe bwino. Koma chingwe chija cha mapulagi mbali zonse ziwiri, choti inveta idyetse nyumba kudzera pa soketi, chitayeni. Magetsi amabwerera m'mawaya a mumsewu, kumene munthu akukonza akukhulupirira kuti ndi ozima. Kulumikiza ku bokosi la magetsi la nyumba kumafuna changeover switch, swichi yolekanitsa magetsi a inveta ndi a mumsewu, komanso katswiri wovomerezeka wopereka CoC, satifiketi yotsimikiza kuti mawaya alumikizidwa motsatira malamulo.

Zotumiza kumudzi zili ndi misampha yake. Panelo lalikulu la 550W limatulutsa pafupifupi 40V. Mukalimangirira pa kontrola (kachipangizo koyendetsa kutchaja kwa batire) yotchipa ya PWM ndi batire la 12V, mphamvu yoposa theka imangotayika; pamafunika kontrola ya mtundu wa MPPT. Panelo liyang'ane kumpoto, kuno ngakhale kwathu, koma kupendekeka kumasiyana: Johannesburg ili pa madigiri 26 kummwera kwa equator, Lilongwe pafupifupi 14. Mapulagi a kuno ndi a mano ozungulira, soketi za kwathu ndi za mano amakona. Nanga funso lija la ndani? Amayi ku Mzimba sawerenga manambala a pa sikirini, adzukulu adzalumikiza simbi tsiku la ukwati, ndipo fyuzi ya 100A siipezeka pa grosale ya pamudzi. Ikani ziwiri zapadera m'katoni, mulembenso pakhoma m'chilankhulo chakwanu zomwe zili zoletsedwa. Paja safunsa anadya phula.

Funso lomwelo limagwetsanso akuluakulu. Ma e-toll, makina olipiritsa misewu ikuluikulu ya m'chigawo cha Gauteng, makamera ake ankawerenga nambala ya galimoto bwinobwino kuyambira Disembala 2013, koma oyendetsa ambiri anakana kulipira, mpaka mu Epulo 2024 boma linawazimitsa. Makina analibe mlandu. Munthu wolipirayo ndiye sanalowe m'masamu.

Solayu nayenso akusintha mzinda mwakachetechete. Nyumba za ku Sandton ndi Fourways zomwe denga ladzaza mapanelo zikugula mayuniti ochepa, koma mawaya, mapolo ndi ma substation zikufunabe kukonzedwa ndi ndalama zomwezija. Mu Julaye 2024 ogula magetsi a prepaid kwa City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Johannesburg, anayamba kulipiritsidwa R200 ya mwezi ndi mwezi, mwayatsa kaya simunayatse. Kwa wa nyumba yaikulu imeneyo ndi ya buledi. Kwa munthu wa mababu anayi uja, amene landilodi amamugawira bilu mosaonetsa lisiti, ndi ndalama ya ufa wa kumudzi. Sindikunyoza wogula sola. Aliyense amathawa mdima. Ndikungoti amene amakonza mitengo aziyamba awerenga anthu okhala kuseri kwa mpanda.

Ndipo batire likafa, chonde musakhuthulire asidi wake mu ngalande kuti mukagulitse mtovu kwa a sikirapu. Ana amasewera momwemo. Masitolo ambiri ogulitsa mabatire amalandira lakale, ena amachotserako mtengo pa latsopano. Linyamuleni chilili, zotsekera zili zomanga.